Zala za Girisi pa Boneti

Chimwalirireni amuna awo, amayi a mapasa anatsala ndi galimoto yakale yotuwa, ya zitseko zinayi, imene ankaperekera ana kusukulu. Alamu awo, mng'ono wa malemuwo, ankakhala m'nyumba yakuseri, mumpanda womwewo, ndipo pakamwa pawo sipankachoka galimotoyi.

"Alamu, chitsulo chimenechi chidzakuvutani. Bwanji mungondigulitsa?"

"Ndamva," ankayankha mayiwo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina m'mawa galimoto inakana kulira. Atapotokola kiyi, sipanamveke ngakhale kakuti tche. Anatsitsa ana, nakawakweza m'basi. Pobwerako anaona zidindo za zala zagirisi m'mphepete mwa boneti, chonsecho dzulo lake anali ataitsuka ndi manja awo. Anasuzumira kuseri. Alamu anali pakhonde, akumwa tiyi, maso ali pa foni, ngati munthu amene sanamve chilichonse.

Mayiwo anaitana makaniko wa pakona, amene anthu ankangomuti Sipanala. Koma nayenso sankamukhulupirira kwenikweni, poti ankamuona kawirikawiri akuseka ndi alamu awowo. Choncho anaima pambali pake, manja m'chiuno, osachoka.

Sipanala anatsegula boneti, nasolola kachitsulo koyezera oyilo, nakapukuta ndi kansanza.

"Oyilo ali bwino, ndi watsopano. Mwathira liti?"

"Ine? Sindidziwa n'komwe pothirira."

"Madzi nawonso ndi odzaza." Anagwira chingwe cha batire, chinangozuka chokha. "Vuto ndi ili. Koma mayi, nati imeneyi siimasuka yokha. Apa padutsa sipanala, ndipo si ine Sipanala wake."

Mayiwo sanaseke.

"Mangani."

Anamanga, injini inalira nthawi yomweyo. Sipanala anati aizungulitse pang'ono pamsewu. Atafika pa geti anaponda mabuleki, galimoto inalira kwii, n'kutsetsereka mpaka kutsala pang'ono kugunda chipilala. Anatsika nkhope itasintha, navula tayala lakutsogolo.

"Taonani apa. Mabuleki anatha kalekale, chitsulo chikudya chinzake. Mumanyamulamo ana mmenemu?"

Mayiwo anawerama, nayang'anitsitsa. Phokosolo ankalimva masiku onsewa, koma ankati ndi ukalamba wa galimoto. Komabe mumtima munabwera funso lina: kodi awiriwa sanapangane kuti andiopseze?

Anapita kuseri.

"Alamu, batire yanga mwamasula ndinu?"

Bamboyo anaika kapu pansi. "Ndine."

"Mwatsegula bwanji?"

"Achimwene anandisiyira kiyi wina. Oyilo ndi madzi ndakhala ndikuona ndine chiyambire maliro. Za mabuleki ndinakuuzani mwezi watha, inu munati ndikuinyoza dala kuti mundipatse motchipa. Dzulo ndinakumvani mukulowa pa geti, kulira kwake kuja. Ndinaona kuti kuyankhula sikuthandiza."

"Ndiye mumalowa m'galimoto yanga ine osadziwa?"

"Ana aja ndi anganso, alamu."

Mayiwo anawayang'ana m'maso. Mawuwo anali omveka, mwinanso omveka mopitirira, ngati okonzeratu. Malemu sanatchulepo za kiyi wina. Koma mabuleki aja anali atawaona ndi maso awo.

"Bweretsani kiyiyo."

Alamu analowa m'nyumba, natuluka naye, nam'pereka ndi manja awiri.

"Alipo winanso?"

"Aa, alamu, mpaka pamenepo?"

"Ndangofunsa."

"Palibe."

Masana omwewo mayiwo anapita okha kusitolo kukagula zitsulo za mabuleki, atanyamula zakuthazo m'pepala kuti asawapatse zina. Sipanala akumanga, iwo anakoka mpando n'kukhala pafupi. Atamaliza anamuuza kuti awaonetse zonse: poyezera oyilo, pothira madzi, mmene batire imamangidwira, ndi mmene tayala lakutha limaonekera. Anabwereza chilichonse ndi manja awo mpaka chitenje chinada.

"Mwatsala pang'ono kundilanda ntchito," anatero Sipanala.

"Inu ndi alamu anga mumakambirana chiyani mukamaseka paja?"

"Za mpira, mayi. Timu yawo imangoluza."

Madzulo mayiwo anakatenga ana pa galimoto. Pa geti inaima bwinobwino, mwakachetechete. Alamu anali ataima pafupi ndi mpopi, naweyula dzanja. Mapasa anawathamangira. Mayi awo anakhoma zitseko zonse za galimoto, nayesa chimodzichimodzi, kenaka anaitana mmodzi wa mapasawo, namutuma kuti akauze bambo ake aang'ono kuti chakudya chikapsa abwere adzadye nawo.