Mchere wa Agnesi ndi Masaya a Alamu Ake

Inu inu! Nthawi ya makadi a chipani ija, kumapiri a Dowa kunali mayi wina Agnesi, amuna ake a Nowa. A Nowawo nyamakazi inawagwira zala ndi mawondo mpaka kusoka fodya kunakanika. Kuchipatala ku Madisi anawapatsa timapiritsi toyera, adokotala nkunena kuti ululu uchepa, koma njala ikhala yoopsa ndipo masaya atuluka, musadabwe.

Eee masaya anatulukadi kkkk. Munthu anali wowonda ngati phesi uja, nkhope ndi iyo ngati dzungu, mimba tuu, mabatani a malaya kumangothothoka.

Nkhani inawapeza mlongo wawo a Maria ku Nachisaka. Anabwera wapansi, thukuta kamukamu.

"Achimwene, uwu ndi mdulo! Mkazi akayenda ndi mwamuna wina nkuthira mchere m'ndiwo, amuna ake amatupa chonchi. Alamu, mwatidulira munthu. Ankhoswe akhale pansi, ine ndikumutenga m'bale wanga."

Agnesi anaona kuti zafika poipa. Ukwati kutha, dzina loipa pamwamba!

"Ndi mapiritsi, alamu."

"Mapiritsi ndi madeya kodi, oti anenepetse?"

A Nowa anayesa kuikira kumbuyo mkazi wawo koma mkamwa munali mbatata.

Ankhoswe akuti tikhala tikatha kukolola. Ndiye a Maria anakhala pomwepo kulondera. Kamphika kawokawo, mchere wawo womanga pamfundo ya chitenje, za Agnesi osalawa olo dontho. Koma zitunda za kumeneko nzosaseka nazo, nawonso mawondo anayamba kulira. Mmawa wina Agnesi akusesa anangoona dzanja la alamu ake lili kudenga, muudzu mobisamo kabotolo ka timapiritsi ta a Nowa. Kapiritsi m'kamwa! Mawa lake chimodzimodzi. Agnesi anangoluma mlomo nkumasesabe kkkk.

A Maria anayamba kudya! Chigumu cha ana, mtedza wambewu, mpaka nkhoko za mumphika. Tsiku lina amayi ataitanidwa kukayeserera magule a chipani, nsalu ya a Maria inakana kukumana m'chiuno, anavina atagwira ndi dzanja.

Lafika tsiku la ankhoswe. A Maria anaimirira masaya ali gwedegwede.

"Taonani m'bale wanga mmene watupira!"

Agnesi anagwada bwinobwino, mawu ozizira.

"Zoonadi atupa. Koma ine nkhawa yanga ili pa alamu angawa. Mchere wanga sanalawe. Ndiye wawadula ndani? Kapena titumize munthu ku Nachisaka akaitane amuna awo a Agustino, atiuze zimene akuchita ali okha kumeneko?"

Maso onse pa masaya a Maria. Nkhoswe wina anabisa nkhope m'chipewa, mapewa okha kumagwedera.

"Bambo a kwathu asiyeni! Ndi mkulu wa mpingo aja!" a Maria kukuwa. "Ndi timapiritsi ta achimwenewa, ndimangomwa kamodzikamodzi ka mawondo!"

"Ooo, madeya aja?" anatero Agnesi.

Anthu kugwa nako kuseka mpaka nkhuku kubalalika kkkkk. A Nowa okha sanaseke: "Nchifukwa chake mankhwala anga amatha msanga! Mukayankha nokha kwa adokotala."

Mlandu unathera pomwepo. Masana ake Agnesi anaphika nkhwani wotendera, nkutapa mchere alamu ake akuona, nkuthira pang'onopang'ono akuwayang'ana m'maso. A Maria anadya. Anapemphanso mbale ina.