Diso Langa mu Gemu Yachinayi

Gemu ya nkhonya ya Belu Lomaliza ndinayidziwa ndisanamere ndevu. Yoyamba ija inali yoseketsa zedi. Tianthu take tinali ndi mitu ya makona anayi ngati njerwa, ndipo mabatani anali awiri basi, lina loponyera chibakera, lina lotchingira nkhope. Ukamenyedwa kwambiri, kamunthu kako kankagwa chagada n'kumaphethira mpaka woyimbira atawerenga kufika pa khumi. Tinkasewera ine ndi achimwene anga titakhala pansi pabalaza, mawondo atagunda tebulo la TV, ndipo ankandikwapula tsiku ndi tsiku popanda chisoni.

Achimwene omwewo ndi amene anandiphunzitsa nkhonya zenizeni. Akhala pakona panga zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, thaulo paphewa, botolo la madzi m'manja. Dzina loti Nyundo, limene anthu amandiitana nalo, anandipatsa ndi iwo.

Gemu yachiwiri inabwera ndi kamzere ka mpweya pamwamba pa sikirini. Ukangoponya zibakera mwachisawawa kamzere kankatha, manja n'kulemera, mnzako n'kukumaliza ngati akupuntha chiguduli. Ndinaikonda imeneyo chifukwa inkanena zoona. Yachitatu ndiye inalowetsamo oponya nkhonya enieni, ndipo panthawiyo lamba wa ukatswiri anali m'chiuno mwanga. Anyamata a kampani anabwera ku jimu, anandiveka chisuti chothina chokhala ndi timipira toyera thupi lonse, n'kundizunguliza makamera. Ndinaponya zibakera m'malere tsiku lathunthu ngati wamisala. Gemu itatuluka ndinadziona ndekha, kayendedwe kanga, ngakhale kachizolowezi kanga kokanda mphuno ndi golovesi. Ndinanyada, sindikubisa.

Chimene a kampani sanadziwe n'chakuti chaka chotsatira, pankhondo imene ndinaluza lamba uja, diso langa lamanzere linawonongeka. Kunja limaoneka labwinobwino. Koma mkati, mbali yonse ya kumanzere kuli mdima wotuwa, ngati utsi wa matayala akamapsa. Sindinauze mkazi wanga, sindinauze mayi. Ndinauza munthu mmodzi yekha, achimwene, m'chipinda chovalira, ndikadali ndi mabandeji m'manja, ndipo ndinawafotokozera mmene zimaonekera, mawu omwewo a utsi wa matayala. Achimwene anandigwira kumbuyo kwa khosi n'kunena kuti, “Zathera pano. Mdani uzimusunga kumanja kwako basi.”

Bungwe la nkhonya likadziwa zoti munthu uli ndi diso limodzi, chiphaso amalanda tsiku lomwelo. Ine ndinapitiriza kumenya zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chaka chino, ndili ndi zaka 37, anandipatsa mwayi womaliza wolimbirana lamba wanga uja. Nkhondo inali itatsala milungu itatu. Kuyezedwa ndi dokotala wa bungwe kunali Lachinayi.

Gemu yachinayi inatuluka mwezi womwewo. Achimwene anali atalembedwa ganyu ndi kampaniyo ngati mlangizi, ankapita kumeneko Lolemba lililonse atavala jekete. Ine ndinkawaseka kuti asanduka bwana wa muofesi. Nthawi yosewera ndinalibe, ndinali kalikiliki kukonzekera nkhondoyo.

Loweruka masana ndinapita kokametetsa. Wometa wathu ali ndi TV pamwamba pa galasi, ndipo makasitomala akachepa amasewera gemu ndi aliyense amene wakhala pabenchi. Mkamwa mwake simuuma malovu munthu ameneyu.

“Eee, wafika mwini wake!” anakuwa atandiona. “Akulu, mwakalamba mu gemu yatsopanoyi. Ine ndikumakugwetsani raundi yachinayi, kofi wanga asanazizire.”

“Iwe? Ndi timanja ta lumo timeneto?”

“Khalani muone.”

Anandiveka chinsalu m'khosi, anandimeta mbali imodzi, kenako anasiya lumo n'kuyatsa gemu. Anasankha womenya wina wamba, kompyuta n'kutenga Nyundo. Anandifotokozera kuti mu gemu yachinayi aliyense anamuikira chofooka chake chobisika, ndipo ukachitulukira ndiye kuti wapambana. Wina amatopa miyendo, wina akamenyedwa m'mimba amatsitsa manja. Akulankhula choncho, ankangoyendetsa munthu wake kuzungulira kumanzere kwanga, kumanzere, kumanzere. Nyundo wa pa sikirini anayamba kupendeketsa mutu kumufunafuna. Chibakera chinachokera kumbali, iye osatchinga n'komwe, phii pansi. Anthu a pabenchi anaseka mpaka wina anagwetsa nyuzipepala.

Ine ndinamutambasulira dzanja. Ndinati, “Bweretsa kuno. Ndisewere ineyo ngati Nyundo.”

Maraundi atatu oyamba zinayenda bwino. Belu litalira, gemu inaonetsa pakona, ndipo mawu a wothandiza pakona anali a achimwene enieni, ndi kusasa kwawo kwa pakhosi kuja. “Mdani uzimusunga kumanja kwako basi.” Raundi yachinayi itayamba, mbali ya kumanzere kwa sikirini inayamba kuda. Sunali mdima wakuda bii ayi. Unali wotuwa, woyendayenda, wokhuthala pakona n'kumapepuka chapakati. Ndinachita kutembenuza mutu wonse kuti ndiuone bwino ndi diso langa lamoyo, ndipo unali womwewo umene ndimadzuka nawo m'mawa uliwonse.

“Mwaonatu luso la anthu amenewa?” anatero wometa. “Akuti Nyundo akatopa saona kumanzere. Amaganiza bwanji zinthu zoterezi?”

Ndinatuluka mutu utametedwa mbali imodzi, chinsalu chake chikadali m'khosi. Anachita kundithamangira kudzachivula.

Achimwene ndinawapeza ku jimu akupachika thumba lomenya limene linaduka tcheni. Sindinapereke moni.

“Mwandigulitsa, achimwene.”

“Ukunena chiyani iwe?”

“Diso langa likutani mu gemu?”

Anatsika pa mpando umene anakwerapo pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pa buluku. Anati anyamata a kampani aja ali ndi makompyuta amene amaonera mafilimu a nkhondo zonse, amawerenga chibakera chilichonse chimene chakupeza ndi kumene chachokera. Za mawu a pakona aja, anati iwo eni ake anangowerenga zimene anapatsidwa papepala. Anandiyang'ana m'maso, analumbira pa manda a bambo athu.

“Nanga utsi uja?” ndinafunsa.

“Utsi ndi utsi, mng'ono wanga. Ukanakhala iwe ukanajambula chiyani? Maluwa?”

Ndinaseka, chitsiru ine. Ndinaseka chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira. Munthu amene wakupukuta magazi kumaso zaka zonsezi, ukamukayikira utsala ndi ndani? Ndinawathandiza kupachika thumba lija, ndipo tinachita maraundi asanu ndi imodzi, iwo atandigwirira mapadi m'manja ine ndikumenya, ngati palibe chimene chachitika.

Lachinayi m'mawa tinapita limodzi ku ofesi ya bungwe. Kuyeza maso kwa kumeneko n'kwachidule: dokotala amakutseka diso limodzi, n'kukweza zala, iwe n'kunena kuti ndi zingati. Zaka zonsezi achimwene ankalowa nane, n'kukhala kumbuyo kwanga makiyi a galimoto ali m'manja. Adokotala akakweza zala ziwiri, makiyi ankagunda mwendo wa mpando kawiri. Sitinaphonyepo ngakhale kamodzi.

Tsiku limenelo, dzina langa litaitanidwa, ndinaimirira. Iwo anakhalabe pabenchi la pakhonde.

“Tiyeni,” ndinatero.

“Lowa wekha lero.”

“Achimwene, musachite masewera.”

Anangoyang'ana nsapato zawo. Mlembi anaitananso kachiwiri, mokweza, ndipo anthu onse pakhondepo anali kundiyang'ana. Ndinalowa.

Adokotala anali mayi wamfupi wa magalasi, amene anandiyezapo kawiri m'mbuyomu. Anandiyeza mtima, anandiyeza magazi, anandigogoda mawondo. Kenako anandipatsa kachikho kakuda kuti nditseke nako diso lamanja, ndipo chipinda chonse chinalowa mu utsi.

“Zala zingati, bambo?”

Ndinatchera khutu ngakhale ndinkadziwa kuti kumbuyo kwanga kuli mpando wopanda munthu. Ndinamva fani yokha ikuzungulira.

“Zitatu,” ndinatero.

“Sindinakweze dzanja, bambo. Manja anga onse ali patebulo.”

Ndinachotsa kachikho kaja. Analidi patebulo, limodzi litagwira cholembera.

Mayiwo sanandikalipire. Anati amuna awo amasewera Belu Lomaliza kuyambira gemu yoyamba, ndipo ndi amene anawaitana kuti adzaone mdima wa pa sikirini. Anati atauona anadziwa kuti wojambula sangaupeke, chifukwa odwala awo amaufotokoza chimodzimodzi. Ndiye anaimbira foni kampani kufunsa kumene anazitenga.

“Anandiuza kuti iwo anakonza zoti chofooka chanu chikhale miyendo,” anatero. “Mlangizi wawo ndi amene anakana. Akuti anakhala ndi wojambula masiku atatu mpaka mtundu wa utsiwo utafanana ndi umene ankafuna.”

Anatsegula faelo yanga, anatulutsa chiphaso, n'kuchiika mu kabati yawo. Anandilembera kalata yopita kwa dokotala wa maso, ndipo anati ndikanabwera chaka choyamba chija mwina akanapulumutsako kena kake.

Pakhonde achimwene anali pomwe ndinawasiya. Ataona nkhope yanga anaimirira, makiyi ali m'manja.

“Mnyamata amene umakamenyana nayeyu amamenya ndi dzanja lamanja ngati galimoto,” anatero. “Akanakupha, kapena akanakuthudzula diso linalo. Ndinakuuza kangati kuti usiye? Unandimvera?”

“Munandiuza kawiri, mukuseka.”

“Ndikanapita ku bungwe ndekha ukanandida moyo wako wonse.”

“Ndiye munaona kuti bola mundipereke kwa dziko lonse? Wometa akundigwetsa kofi asanazizire! Aliyense amene ali ndi TV akudziwa mbali yondimenyera, mkazi wanga yekha ndiye sakudziwa. Munali ndi thaulo paphewa zaka zisanu ndi chimodzi, achimwene. Mukanaliponya m'bwalo kuti nkhondo iime anthu akuona, ndikanakutukwanani sabata imodzi n'kuiwala. Koma inu munakhala masiku atatu mukusankha mtundu wa utsi wa m'diso langa, n'kubwera kudzandigwirira mapadi. Munalumbira pa manda a bambo!”

Mawu anga anamveka khonde lonse, mlembi mpaka anatuluka mu ofesi. Ndinali nditakunga chibakera, ndipo iwo anachiona. Sanatchinge nkhope. Ndinalira pamenepo, ine Nyundo, pamaso pa anyamata amene ankadikira kuyezedwa, ndipo sindinawamenye.

“Tiye ndikakutule kunyumba,” anatero motsitsa mawu. “Mlamu ndikamuuza ndine.”

“Mkazi wanga ndikamuuza ndekha. Mwauza anthu okwanira.”

Ndinatsika masitepe. Ananditsatira mpaka pamsewu, akuyenda kumanja kwanga monga ankachitira nthawi zonse kuti ndiziwaona. Ndinaima, ndinawazungulira, n'kuwasiya kumanzere. Ndinkamva nsapato zawo mpaka pa siteji ya basi, akulankhulabe, koma sindinatembenuze mutu.