Dothi la M'jombo

Mpini wa fosholo unatera pakamwa pa Baoku, dzino n'kugwera mumzere. Anali atangochoka kowunjikira dothi pamanda a bambo awo, malamba oyera a maliro akadali m'chiuno.

“Bwereza, galu iwe!” anakuwa Changshun, mkulu wake.

Baoku analavula magazi. “Mphika wa maliro ndinaswa ndine, achimwene. Inu munali ku Dalian, kudikira sitima. Woswa mphika ndiye amatenga munda, funsani aliyense. Wakumunsi ndi wanga.”

Munda wakumunsi ndiwo unali ndi dothi lakuda. Aliyense m'mudzimo ankadziwa kuti mvula imakokolola chonde kumtunda n'kukachitula kumeneko. Wolandira kumtunda akanangolima dothi lachikasu.

Changshun anamulumphira, nagwa onse m'mapesi. Baoku anamuluma khutu mpaka linang'ambika, mkuluyo n'kumukanikiza bondo pakhosi, akumumenyetsa mutu pansi. Mayi awo, atakhala pamlambala, anangofunda nkhope ndi mpango.

Mlongo wawo Suqin, mlangizi wa zaulimi, anali pathalakitala. Kuyambira m'mawa ankakoka makina a zitsulo zozungulira ngati mbale, zolowetsa magetsi m'nthaka kuti zionetse pomwe pali kaboni wambiri, chakuda chija chimene manyowa ndi mapesi owola amasiya. Ankafuna kuti mundawo ugawidwe potengera chonde. Anatsika, n'kumenya Changshun pamsana ndi sipanala.

“Phanani bwinobwino, manda akadali ofewa! Koma yambani mwaona ichi.”

Pagalasi la makinawo munda wonse unali mtundu umodzi, kumtunda ndi kumunsi komwe.

“Chidole chakochi n'chakufa,” anatero Baoku, akupumira m'mwamba.

“Inenso ndinaganiza choncho. Chinyezi chimatha kunamiza makina, n'chifukwa chake timakumbanso. Tiyeni.”

Anakwera mtunda. Changshun anazika fosholo yomwe ija mwaukali. Dothi linatuluka lakuda bii. Anakumba mpaka m'mawondo asanapeze lachikasu. Anakayesa pena, chimodzimodzi.

“Mvula ikatsitsa, bambo anu ankakweza,” anatero mayi awo, amene anali atawatsatira mwakachetechete. “Chipale chofewa cha m'chisanu chikangosungunuka, ankafukula matope m'ngalande ya kumunsi, madengu awiri paphewa, ulendo kumtunda. Mapesinso sankatentha, ankakwirira kuno. Kuyambira chaka chimene unabadwa iwe, Baoku. Ankati ana aamuna awiri, minda ikhalenso iwiri.”

“Bwanji sananene?” anafunsa Changshun.

“Unawamvapo akunena kanthu? Si inu nonse munkawaseka kuti akuyenda ngati nkhanu? Phewa lija linapindika ndi chiyani?”

Magazi a pakhutu la Changshun ankadonthera m'dzenjemo. Kenako anaponya fosholo pansi.

“Tenga kumunsiko,” anatero osayang'ana mng'ono wake. “Koma usadzandiyankhulenso.”

“Ndiyankhule ndi mano ati?”

Changshun anatsetsereka yekha, atagwira khutu. Atafika pamalire a munda ndi msewu anaima, ngati wakumbukira chinachake. Anavula jombo imodzi, n'kuyigogoda pamwala, chidendene chitaloza kumunda. Anavulanso inayo, n'kukokota dothi la kunsi kwake ndi kamtengo, kulibwezera mumzere. Bambo awo sankalola munthu kutuluka m'munda ndi dothi kumapazi.

Baoku, amene ankabwera pambuyo, anadikira kuti pamwalapo papezeke mpata.