Filimu ya a Swaleh

A Swaleh, mlonda wa kudera la Msheireb, ankadzitcha Mmalawi woyamba kupanga filimu ku Doha. Kamera yawo inali kafoni kosweka galasi.

Lachisanu, tsiku lake lokhalo la ofu, Rabia wantchito zam'nyumba anavomera kuseweramo. A Swaleh anamuimika padzuwa, pambali pa galimoto ya eni.

"Ndinu mkazi wanga tsopano, chemwali. Yalla, tiyeni, nditchuleni habibi, wokondedwa wanu! Filimuyi ikafika mpaka ku Mangochi."

Rabia anasuntha pagalimotopo. Ku Mangochi n'kumene kunali Latifu, amene anali atamufunsira kale mbeta, ndipo azakhali ake a Latifuyo chilichonse cha pafoni amachiyesa choona.

"Achimwene, kafoni kameneka kandithetsere ukwati? Jambulani galimotoyo, mwina iyo ikutchulani habibi."

Anakonza mpango wake, n'kulowera kokwerera sitima ya metro osacheuka.