Bondo la a Alcide ndi Gule wa Loweruka

Bondo la a Alcide Guidry linakana ntchito nyengo ya nkhanu ili pakati. Poyamba linkangolira akamakwera bwato, kenako linatupa. Loweruka lina ku holo ya gule ku Abbeville, m'chigawo cha Louisiana ku America, anangokhala pampando, n'kumaonerera akazi awo a Eulalie akuvina ndi Wilfred, msuweni wa a Alcide.

"Wilfred uja amavina ngati akuponda mphemvu," anatero a Alcide pobwerera.

"Komatu iye amatha kuimirira," anayankha a Eulalie. "Inu mukadzakonzetsa bondolo, ndidzamusiya."

Anaseka onse awiri, koma a Alcide zinawalowa mumtima. Chikwatiranire anali asanaphonyepo gule wa Loweruka.

Kwathu kuno zinthu zimayendera abale. Galimoto ikafa umafunsa mlamu, denga likadontha umafunsa msuweni, ndipo munthu usanamukhulupirire umayamba wadziwa kuti ndi mwana wa yani. Choncho a Alcide anafunsa Wilfred yemweyo, ndipo iye anawalozera dokotala wa mafupa wa ku New Orleans amene anakonza chiuno cha apongozi ake. Anauyenda ulendo wautaliwo bondo likubaya. Mayi wa pakauntala anayang'ana khadi lawo la Medicaid, inshuwalansi ya boma ija, n'kuwabwezera.

"Pepani bambo, iyi pano sitilandira."

"Komatu andituma a Wilfred Guidry."

"Sindikuwadziwa, bambo."

Mlamu wawo anawalozera wina ku Baton Rouge, koma nako zinali chimodzimodzi. A Alcide atafika kunyumba anaponya khadilo m'kabati. "Khadi la amphawi ili," anatero. "Madokotala akaliona amathawa."

Mawa lake kunabwera a Verna Fontenot a nyumba yoyandikana nayo, kudzabweza poto. Iwo amagwira ntchito ku chipatala chaching'ono cha m'tauni, yoyendera odwala m'makomo. Atamva nkhaniyo anagwira m'chiuno.

"Achimwene, mwazungulira Louisiana yense, ine ndili kuseri kwa mpandaku?"

"Ndimati ndiyambe ndi achibale."

"Wilfred ndi dokotala? Uja amalephera n'kumata bala lomwe! Tulutsani khadi lija."

A Eulalie anakalitenga. A Verna anakhala pansi n'kufotokoza mofatsa. Si dokotala aliyense amene amalandira inshuwalansi ya boma, ndipo amene amalandira sagwirizana ndi makampani onse amene boma linawapatsa ntchitoyi. Munthu ayenera kudziwa dzina la kampani yake, lomwe lili pakhadi. Komanso madokotala ambiri a opaleshoni safuna kuona wodwala amene alibe kalata yomutumiza, yochokera kwa dokotala wake wa nthawi zonse.

"Dokotala wanuyo munamuuza za bondoli?"

A Alcide anayang'ana kudenga.

"Akamufunsa amati ali bwinobwino ngati mnyamata," anaulula a Eulalie.

"Ndiye mukayambe mwanena zoona kumeneko. Tsopano tembenuzani khadi, muimbe nambala ili kuseriyo. Muwauze kuti mukufuna dokotala wa mafupa wapafupi, amene akulandirabe odwala atsopano. Kukupezerani ndi ntchito yawo, simukupempha chifundo ayi. Mukasowa mayendedwe, mufunsenso pomwepo."

A Alcide anaimba monyinyirika. Anadikira ndithu, nyimbo yosavinika ikulira m'foni, koma wina anayankha ndipo anawapatsa maina angapo. Ofesi yoyamba inati malo adzaza. Anafuna kuika foni pansi, a Verna n'kuwagogoda ndi supuni padzanja. Ofesi yachiwiri, ya ku Lafayette, mzinda wapafupi, inafunsa dzina la kampani, n'kuvomera: abwere ndi kalata ndi zithunzi za bondo, akaonane ndi Dokotala Pham.

"Pham?" anatero a Alcide atadula foni. "Ameneyo ndi mwana wa yani?"

"Mukamufunse nokha," anatero a Verna.

Ndipo anakamufunsadi. Dokotalayo, mayi wamfupi wolankhula mwachangu, anali akuyang'ana zithunzi pamene funso linagwa. A Eulalie anabisa nkhope m'chikwama.

"Ndine mwana wa a Pham a ku Delcambre," anayankha akuseka. "Bambo anga akalambira m'bwato ngati inu, ndipo nawonso ndi ouma mutu. Bondo ili latha, bambo Guidry. Tiikamo lachitsulo. Koma kuchira kwake mudzagwira ntchito ndinu."

"Mwana wa m'bwato," anatero a Alcide potuluka. "Bwanji osanena kale?"

Opaleshoni inayenda bwino. Masewera olimbitsa mwendo anali owawa, ndipo a Alcide anatukwana kangapo m'Chifalansa cha makolo awo, koma sanajombe ngakhale tsiku limodzi. Nyengo ya nkhanu isanayambenso, Loweruka lina analowa mu holo opanda ndodo. Choimbira cha akodiyoni chitayamba kulira, anam'gwira paphewa Wilfred.

"Pumula, msuweni. Mwini wake wabwera."

"Pepa, usandigwire pamenepo!" anakuwa Wilfred. "Phewali landivuta mwezi wonse. Kwa dokotala wako uja ukandinenere kuti ndine m'bale wako."

"Ubale sugwira ntchito kumeneko," anatero a Alcide. "Yamba wauza dokotala wako zoona, akupatse kalata. Imba nambala ya kuseri kwa khadi, akupezere wapafupi. Usanakwere galimoto, imbira ofesiyo utsimikize kuti amalandira kampani yako. Wina akakana, yesa wina. Thandizolo ndi lako, usachite nalo manyazi."

A Eulalie anali atatambasula kale dzanja. A Alcide anawagwira, n'kuyamba pang'onopang'ono, monga anawalangizira dokotala. Nyimbo isanafike pakati, malangizowo anali ataiwalika.