Nkhuni za Mkamwini

Kalipentala anali ndi mbiri yoti ndi mkamwini wabwino, ndipo mbiriyo ankaikonda kuposa nyama. Loweruka lililonse ankasesa m'shopu mwake, n'kulongedza zidutswa za matabwa mu wilibala, ulendo kwa apongozi ake. Zambiri zinali za matabwa obiriwira aja othira mankhwala a chiswe, omwe ankakhomera madenga ndi mipanda. Nkhuni zakwera mtengo masiku ano, ndiye apongoziwo ankalandira ndi manja awiri. Phulusa lake sankataya ayi. Ankatsukira mapoto, lina n'kuwaza m'kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba.

Zinavuta pamene m'manja mwa apongozi munayamba kutuluka tinthu tolimba ngati njerewere, pakhungu mawanga akuda, m'mimba mukungopotokola. Kalipentala yemweyo ndiye anawaperekeza kuchipatala, atavala malaya osita bwino kuti anthu aone. Zotsatira za mkodzo zitatuluka, dokotala anafunsa za madzi akumwa, za ntchito, mpaka anafika pa nkhuni.

"Nkhuni sindigula ine, adokotala," apongozi anayankha monyadira. "Amandibweretsera bambo awa. Zobiriwira, zouma bwino, sizivuta kuyaka."

Dokotala anamuyang'anitsitsa kalipentala. Kenako anafotokoza kuti m'mankhwala a matabwa amenewo muli poizoni wotchedwa aseniki. Ukawatentha, poizoni wina amapita ndi utsi, wambiri amatsala m'phulusa, ndipo amamudya munthu pang'onopang'ono.

"Kodi kogula matabwako sanakuuzeni kuti amenewa sasonkhera moto?"

Anamuuza, inde, kangapo konse. Koma mkulu ameneyu, pokhala wodziwa zonse, ankangoti ndi zoyankhula za ogulitsa. Manyazi anamugwira mpaka anasowa poyang'ana, maso anangoti pa nsapato zake.

Komatu zazikulu zinali zisanabwere. Ali panjira, apongozi anaulula kuti nkhunizo sankasonkha okha. Ankagawira mzere wonse wa nyumba, kuyambira kwa mayi wosoka zovala mpaka kwa mtsikana wa khanda wa pangodya, yemwe ankafunditsira mwana madzi osamba pa moto womwewo. Dokotala anali atanenetsa kuti zonse zichotsedwe, ndi phulusa lomwe, ndiponso kuti aliyense amene wazigwiritsa ntchito akayezetse.

M'mawa mwake kalipentala anabwera ndi fosholo, matumba ndi wilibala yopanda kanthu, atakonzeka kutukwanidwa. Apongozi anatsogola. Kugogoda sakanatha ndi manja aja, ankangoitana odi.

"Pepani anzanga, nkhuni zija n'zoipa, zili ndi poizoni," ankatero pakhomo lililonse. "Wolakwa ndine. Bambo awa anandiuza kuti ndizimangira mpanda, ine n'kumasonkhera moto. Mukayezetse kuchipatala, ndi ana omwe."

Bodza lake lamkunkhuniza! Koma anthu anakhulupirira. Mayi wosoka zovala anawalalatira apongozi pamaso pa ana, iwo anangowerama n'kupepesanso. Mtsikana wa khanda, misozi ili m'maso, anachita kumugwadira kalipentala pomuthokoza chifukwa chodzachotsa zoipazo. Apo mpamene kalipentala mtima unamuwawa zedi.

"Amayi, musatero," ananong'ona atachoka pakhomopo. "Ndisiyeni ndinene zoona."

"Kankhani wilibala, bambo," apongozi anayankha osacheuka. "Sindikuchitira inu. Mwana wanga ndi adzukulu anga ayenera kumayendabe mumsewu muno anthu n'kumawapatsa moni."