Mawu a Kizito M'kamwa mwa Goodwell

Vidiyoyo inafika pa foni ya Kizito Lachiwiri masana, ali pa geti la yunivesite ina ku Academic City, mumzinda wa Dubai, komwe ankagwira ntchito ya ulonda. Ntchito yake inali yoloza kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi pamphumi pa ophunzira, kuona ngati chiphaso cha katemera wa korona cha pa foni zawo chili chobiriwira, ndi kukumbutsa amene atsitsa masiki kuti aikweze. Amene anatumiza vidiyoyo anali mkazi wake Esther, yemwe ankalera ana a banja lina la Amwenye ku Discovery Gardens ndipo ankagona komweko. M'munsi mwake analemba kuti, "Bambo a Lily, anzanu aja si awa? Koma ndiye amatha kuyankhula."

Anali Goodwell. Anali ataimirira pa tebulo kutsogolo kwa laibulale ya koleji yomwe awiriwa anaphunzirako ku Malawi, jekete atavula, ophunzira mazanamazana atamuzinga ndi zikwangwani. Nkhondo ya ku Ukraine inali itatha milungu itatu chiyambire. Ophunzirawo ankafuna kuti boma linene poyera mbali yomwe laima, komanso likatenge ana a Malawi omwe ankaphunzira kumeneko, amene tsopano ankagona m'masiteshoni a sitima. Akuluakulu a boma anali atawaletsa kuguba. Goodwell, yemwe tsopano anali phungu wa chipani cholamula, anakweza dzanja n'kufuula kuti, "Akatitseka pakamwa, tiyankhula ndi mapazi!" Khamu lonse linayamba kudinda mapazi pansi mpaka fumbi kobo.

Kizito anaibwerezanso vidiyoyo. Mawu amenewo anali ake. Anawalemba yekha kuseri kwa pepala la mayeso zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ali pulezidenti wa bungwe la ophunzira, ndipo anawanena ataima pa malo omwewo. Nthawi imeneyo Goodwell anali mnyamata wamanyazi wonyamula batire ya chimkuzamawu. Koleji itatsekedwa chifukwa cha zionetsero za nthawi imeneyo, akuluakulu anaitana atsogoleri asanu ndi awiri kuti asaine kalata yopepesa. Asanu ndi mmodzi anasaina, Goodwell poyambirira. Kizito anakana, ndipo anamuchotsa sukulu kutatsala teremu imodzi. Anaphunzitsako pa sukulu ya pulayiveti, anagulitsako mafoni akale, mpaka anapezeka ku Dubai atavala yunifomu ya buluu.

M'basi yobwerera ku International City, komwe ankagona chipinda chimodzi ndi anzake atatu, anawerenga ndemanga zonse za anthu pa Facebook. Ena ankati Goodwell ndi pulezidenti wa mawa. Mtsikana wina anali atasindikiza kale mawuwo pa malaya, dzina la Goodwell lili m'munsi. Kizito analemba ndemanga yaitali yofotokoza za batire ndi za kalata yopepesa, n'kuifufuta. Anailembanso mwachidule, n'kuifufutanso. Chomwe chinamupweteka kwambiri n'chakuti Goodwell ananena mawuwo bwino. Anadziwa pomwe anayenera kupumira.

Lachinayi m'mawa, mtsikana wina wa ku Ukraine, wophunzira zomangamanga, anakhala pa masitepe a pa khomo lalikulu la yunivesite, atanyamula katoni yolembedwa dzina la mzinda wa kwawo. Sankayankhula chilichonse. Anzake awiri anakhala naye, ndipo ena anayamba kuima n'kumajambula. Supavaiza wa alonda anaitana Kizito pa wailesi n'kumuuza kuti zimenezo kuno siziloledwa, akazichotse akuluakulu asanazione. "Yalla, fulumira, pita iwe, Chingerezi chako n'chabwino," anatero.

Kizito anapita. Anagwada pafupi ndi mtsikanayo n'kumuuza mofatsa kuti akapitiriza, sukulu imuthera pomwepo ndipo visa yake ifa, ndipo palibe amene adzakumbukire kuti anakhalapo pa masitepewo. Mtsikanayo anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira pamwamba pa masiki. Anati mayi ake ali m'chipinda chapansi pa nyumba, tsiku lachisanu tsopano, ndipo foni yawo siikulowa. Kenako anamupatsa yekha katoniyo. Kizito anaipinda kawiri n'kukaisiya ku ofesi. Supavaiza anamusisita paphewa n'kunena kuti shukran, zikomo wa Chiarabu. Madzulo ake anamufotokozera Esther pa foni, mwachidule, ngati nkhani ya munthu wina.

Tsiku lomwelo uthenga wa Goodwell unafika. Anali akubwera ku Dubai ndi gulu la aphungu kudzaona chionetsero cha Expo chisanatseke, ndipo anati sangabwerere osaonana ndi mkulu wake. Esther atamva anasangalala. Lamlungu ndilo linali tsiku lake lopuma, ndipo anati sanadyepo ndi phungu chibadwire. Anavala diresi lake la chitenje lomwe ankasungira tchalitchi, ndipo Kizito anaziona zimenezo.

Anakumana m'kalesitilanti kena ka ku Karama komwe amaphika mpunga wa biriyani. Goodwell anali atanenepa, tsitsi litayamba kuthothoka pakati. Atangolowa anaiwala za matenda a korona, n'kumukumbatira Kizito.

"A Pulezidenti anga! Mlamu, munthu uyu ndi amene anatiphunzitsa kuyankhula tonsefe."

Kizito anali atakonzeka kumuchititsa manyazi pamaso pa Esther. Ulendo wonse wa pa basi ndi pa sitima ya Metro ankayeseza mmene adzafunsire, mwaulemu, kuti kodi Olemekezeka mawu a mapazi aja anawatenga kuti. Koma chakudya chisanafike n'komwe, Goodwell anali atanena kale yekha, uku akuseka, kuti mawu amene akumutchukitsawo anawaba kwa Kizito, ndipo anafotokozanso za batire, mmene asidi wake anabowolera thalauzi lake limodzi lokhalo. Esther anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati munthu wodzichepetsa chonchi pa ndale ndi wosowa. Kizito anangokhala ndi funso lake m'kamwa, lopanda kolilavulira. Anaona kuti ngakhale kuulula kuba kunamuyenera Goodwell ngati suti yosokedwa pa thupi lake.

Nkhani itafika pa nkhondo, Esther anati ngakhale kuno anthu zikuwakhudza, ndipo asanaganize anafotokoza za mtsikana wa katoni uja. Kizito anamuponda phazi pansi pa tebulo, koma nkhani inali itatuluka kale. Goodwell anasiya kutafuna. Sanaseke. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Ntchito ndi ntchito, mkulu. Tonse pali pomwe tinasaina."

Kizito akanakonda kuti amuseke. Chifundocho chinamuwotcha kuposa tsabola wa m'mbalemo.

Kenako Goodwell ananena chomwe anadzera. Nyumba ya malamulo inali kutsegulidwa sabata yotsatira, ndipo ophunzira ankayembekezera kuti akayankhula za nkhondoyo. Akuluakulu a chipani anali atamuchenjeza kale kuti asachite phuma, chifukwa boma silinkafuna kukhumudwitsa mbali iliyonse, poti feteleza amachokera uku, thandizo la mankhwala uko. Iye ankafuna mawu oti ophunzira awombe m'manja koma akuluakulu asakwiye, ndipo anavomera kuti mutu wake sungathe kuluka zotere. Anapempha Kizito kuti amulembere.

Kizito anati aganiza. Pobwerera, Esther anamufunsa chifukwa chomwe anakhalira ndwii ngati ali pa maliro, pomwe mnzake anamulemekeza chotero. Anayankha kuti mutu ukumuwawa. Esther anamuyang'ana cham'mbali n'kunena kuti mutu woterewo mankhwala ake sagulitsa ku famase.

Analemba masiku atatu, pa nthawi yopuma masana, atakhala pa benchi kuseri kwa kanyumba ka alonda. Poyamba ankalemba zomwe anapemphedwa. Koma atafika pakati, maganizo ena anamulowa, ndipo sanawathamangitse. Ankamudziwa Goodwell: akapeza chiganizo chokoma sangachisiye, ngakhale chitakhala ndi mbedza mkati. Choncho anayamba mofatsa, kuyamikira boma, kutchula mtendere wa dziko lathu. Kenako anaika za mayi wokhala m'chipinda chapansi pa nyumba tsiku lachisanu, foni yosalowa. Pamapeto analemba kuti boma lomwe limayeza matumba a feteleza lisanayeze magazi a ana a eni, tsiku lina lidzayezanso ana ake omwe pa sikelo yomweyo, ndipo amene akhala chete m'nyumba muno akudziwa mtengo womwe anawagulira. Ankadziwa kuti chipani sichingakhululuke mawu amenewo. Anatumiza, n'kulemba kuti, "Osachotsapo kanthu, aise. Mphamvu yake ili kumapetoko."

Goodwell sanachotsepo kanthu. Anawerenga zonse, ndipo aphungu a mbali yake yomwe anayamba kumukuwiza asanamalize. Pasanathe masiku awiri chipani chinamuchotsa pa udindo wake wa mkulu wa achinyamata, n'kumuitanitsa ku komiti yosungitsa mwambo. Kizito anawerenga nkhaniyo ataimirira pa geti, ndipo kwa ola limodzi mtima wake unapepuka. Anapereka moni kwa ophunzira mokweza, mpaka mlonda mnzake wa ku Nepal anamufunsa ngati wapata mwana.

Koma pofika Loweruka zinthu zinali zitatembenuka. Ophunzira a m'makoleji atatu anaguba kupita ku likulu la chipanicho atanyamula chithunzi cha Goodwell. Manyuzipepala analemba kuti kwapezeka phungu mmodzi wa msana. Wailesi zakunja zinamufunsa mafunso. A chipani chotsutsa anayamba kumuyendera kunyumba. Azimayi a m'gulu la WhatsApp la Amalawi a ku Dubai anagwirizana zomupempherera, ndipo Esther ndi amene anatsogolera pempherolo.

Kizito anakumbukira tsiku lomwe iye anachotsedwa sukulu. Anatuluka pa geti ndi chikwama chimodzi, mvula ikuwaza, ndipo amene anamuperekeza anali mayi wina wophika ku kafiteriya basi. Palibe nyuzipepala inalemba. Tsopano dzenje lomwe anakumbira mnzake linali litasanduka chulu choti aimirirepo, ndipo iye anapezeka akusirira ngakhale chilango cha Goodwell.

Lamlungu, atakhala pa kapinga pafupi ndi fulati ya mabwana a Esther, anamuuza zoona zake. Anati mawu onse aja analemba ndi iye, ndipo anawalemba kuti amugwetse. Ankayembekezera kuti mkazi wake akalipa, kapena anena kuti ndiye kuti wanzeru ndi iyeyo. Esther anapitiriza kusenda nachesi.

"Zoti munalemba ndinu ndinadziwa pomwe anatchula za mayi uja," anatero. "Koma bambo a Lily, kulemba munalemba muli pa benchi. Iwo aja anaimirira n'kuwerenga, akudziwa chomwe chiwagwere."

"Sankadziwa."

"Ankadziwa. Anandiimbira asanalowe m'nyumba ya malamulo, kufunsa ngati inu muli bwinobwino, poti zomwe mwawatumizira zikuoneka ngati za munthu wokwiya. Ndinawauza kuti mwakhala okwiya kuyambira tsiku lomwe tinakwatirana."

Zoti Goodwell ali ndi nambala ya mkazi wake zinamulasa Kizito, koma anadziwa kuti akafunsa zimenezo adzichepetsa yekha. Analandira theka la nachesi lomwe Esther anamupatsa n'kudya.

Lolemba cha m'ma teni, ophunzira atachepa pa geti, foni inalira. Anali Goodwell, mawu ake atasasa chifukwa cha misonkhano. Anati ophunzira amuitana kuti akayankhule pa msonkhano waukulu Lachisanu, ndipo akufuna zina ngati zomwe zija, zoposerapo ngati n'kotheka. Anawonjezera kuti akufuna kutchula dzina la Kizito pa nsanja, anthu adziwe mwini mawu.

Kizito anayang'ana kamera yomwe inali pamwamba pa geti, ndi supavaiza yemwe ankamwa tiyi mu ofesi. Anaganiza za visa yake, ndi ya Esther, ndi za Lily yemwe anali atangoyamba fomu wanu ku Malawi. Dzina lake likamveka pa msonkhano wa ndale za nkhondo, silikanachedwa kufika kuno.

"Dzina langa lisiye," anatero.

"Mukunenetsa, a Pulezidenti?"

"Ndati lisiye. Ukufuna za mphindi zingati?"

Goodwell anati khumi ndi zisanu. Kizito anadula foni, n'kupempha mlonda mnzake uja kuti amubwereke cholembera.